Pasuwa akhale kapena achoke? Tikambirane za mphunzitsi wa Flames

Wa ku Chilomoni (woyang'anira gulu):
Abale, chigonjereni 1-0 kwa São Tomé mu October 2025, m'masewero odzigulira malo ku World Cup, mauthenga akungogwa pagulu pano mwachisawawa, uyu akuti kochi achoke, uyo akuti musamukhudze. Ndati titsegule mutu umodzi kuti tizimvana. Funso ndi ili: FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, imusunge mphunzitsi Kalisto Pasuwa mpaka kontrakiti yake ya zaka ziwiri ithe, kapena isake wina msanga tisanalowe masewero odzigulira malo ku AFCON 2027, mpikisano wa chikho cha Africa? Aliyense apereke chifukwa chake. Kutukwana ayi, ndipo za Maule ndi Manoma tizisiye pakhomo, pano tonse ndife a Flames.

Nyerere ya Lali Lubani:
Ine sindizungulira, achoke. São Tomé inali itagonja masewero onse m'gulu lathu isanakumane nafe. Dziko lonse lija anthu ake sakukwana ngakhale theka la anthu a mu Blantyre. Sanasewerere n'kwawo komwe, tinakakumana nawo ku Tunisia, opanda chikhamu chowachemerera. Ndiye tikagonje kumeneko? Mu March 2025 Namibia inatigonjetsa 1-0 pa Bingu, pakhomo pathu, anthu atadzadza. Ku COSAFA tinabwerera m'ndime ya magulu. Ku CHAN, mpikisano wa osewera a m'maligi akwawo okhaokha, tinapambana South Africa 1-0 kuno, n'kukataya 2-0 kwawo. Patrick Mabedi, yemwe anali mphunzitsi Pasuwa asanabwere, anachotsedwa chifukwa cha zotsatira. Muyeso womwewo ugwire ntchito kwa aliyense.

Maule wa Ndirande:
Achimwene, mwatchula zogonja zokhazokha. Munthuyu anatenga timu mu November 2024 itagonja masewero anayi otsatizana: 3-2 kwa Burundi pa Bingu, 3-1 kwa Burkina Faso, 4-0 ndi 1-0 kwa Senegal. Anyamata anali atafookeratu. Masewero ake oyamba anafanana mphamvu ndi Burundi, achiwiri anakwapula Burkina Faso 3-0. Comoros anaigonjetsa kawiri. Namibia yomwe mukuitchulayo anakaibwezera 2-1 ku Francistown. Ndi Liberia tinali kumbuyo 2-0 n'kubweza zigoli zonse ziwiri. Ndi liti pomwe munaona Flames ikubwerera kuchokera kumbuyo motere?

Nyerere ya Lali Lubani:
Burkina Faso inali itadzigulira kale malo, inabwera kudzangokwaniritsa mwambo. Ndipo funso langa ndi lakuti Liberia inapeza bwanji zigoli ziwiri pa Bingu? Kubweza n'kwabwino, koma mapointi awiri anapita.

Nachisale wa ku Area 25:
Ndinali pa Bingu tsiku la Liberia lija. Zomwe ndinaona n'zakuti tikakumana ndi timu yomwe yabwera kudzasewera mpira, anyamata amaoneka bwino, chifukwa pamakhala mpata wothamanga. Koma timu ikakhala kumbuyo n'kutisiyira mpira, timasowa chochita. Timangoponya mipira italiitali kwa Richard Mbulu kapena kudikira kuti Gaba (Gabadinho Mhango) apange chozizwitsa. Vuto limeneli analipeza mphunzitsi wakale Mario Marinica, analipeza Mabedi, walipezanso Pasuwa. Ndiye ndikufuna amene akuti achoke andiuze: wobwerayo adzatenga kuti wosewera wapakati woti angatsegule otchinga kumbuyo asanu ndi pasi imodzi?

Gogo wa ku Zomba:
Ana anga, ndiloleni ndilankhule motalikirapo, chifukwa ine Flames ndinayamba kuimvera pa wailesi ya MBC ambiri mwa inu musanabadwe.

Pamene tinkatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979, mphunzitsi anali Ted Powell. Sanabwere lero n'kupambana mawa. Anakhala ndi anyamata ake zaka zingapo, ankawadziwa mmodzimmodzi, ndipo anyamatawo ankadziwana okhaokha. Kinnah Phiri anali m'gulu limenelo. Timu inapitirira kukula mpaka tinapita ku AFCON koyamba mu 1984 ku Côte d'Ivoire, tinatenga mendulo ya bronze ku All-Africa Games mu 1987 ku Nairobi, ndi chikho china cha East and Central mu 1988.

Kenako tinakhala zaka 26 osaponda ku AFCON. Amene anatibwezerako ndi Kinnah yemweyo, ali mphunzitsi. Anatenga timu mu 2008 Stephen Constantine atachoka. Chaka chomwecho tinagonjetsa Egypt 1-0 pa Kamuzu Stadium, Egypt yomwe inali ndi chikho cha Africa m'manja, chigoli cha Chiukepo Msowoya. Mu 2009 tinafanana mphamvu 1-1 ndi Côte d'Ivoire ya Drogba. Mu January 2010 ku Angola tinathira Algeria zitatu kwa duu: Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka, Davi Banda. Kinnah anakhala pampando mpaka kumayambiriro kwa 2013.

Tsono werengani amene abwera chichokereni iye: Eddington Ng'onamo, Tom Saintfiet, Young Chimodzi, Ernest Mtawali, Ronny Van Geneugden (RVG), Meke Mwase, Mario Marinica, Patrick Mabedi, ndi Pasuwa, osawerengera ena ogwirizira. Aliyense anabwera ndi osewera ake ndi kaseweredwe kake. RVG ankafuna mpira wopatsirana kuyambira kwa goloboyi. Marinica anabwera n'kunena kuti mpira uzipita kutsogolo mwachangu kwambiri. Mnyamata mmodzi yemweyo akuuzidwa zosiyana zaka ziwiri zilizonse. Ine sindikunena kuti Pasuwa ndi Powell. Ndikunena kuti nthawi zonse zomwe dziko lino linasangalala ndi mpira, pampando panali munthu amene anapatsidwa nyengo yokwanira.

Nyerere ya Lali Lubani:
Agogo, ndakumvani ndi ulemu wonse. Koma Kinnah sanapatsidwe nthawi mwaulere, anaigula ndi zotsatira. M'miyezi yake yoyambirira anali atagonjetsa kale Egypt ndi DR Congo, Djibouti anaithira 8-1. Anthu anaona njira. RVG anapatsidwa zaka ziwiri zathunthu, kuyambira 2017 mpaka 2019, tinapindulanji? Nthawi payokha simwetsa chigoli.

Gogo wa ku Zomba:
Pamenepo mwalasa, mwanawe. Nthawi iyenera kuyendera limodzi ndi zizindikiro. Kusiyana kwathu n'kwakuti ine zizindikirozo ndikuziona pang'ono, inu simukuziona.

Wa ku Mbare, Harare:
Moni nonse kumudzi. Makolo anga anachokera ku Dedza, ine ndinabadwira kuno, ndipo Pasuwa ndamuonera zaka zambiri ku Rufaro. Ndi Dynamos anatenga ligi kanayi motsatizana, 2011 mpaka 2014, timu ili pa mavuto a ndalama osaneneka. Atatenga Warriors, timu ya dziko la Zimbabwe, anaipititsa ku AFCON 2017 ku Gabon, patadutsa zaka 11 Zimbabwe isanapiteko. M'gulu lake munali Guinea, Swaziland ndi Malawi yomwe. Mukukumbuka kuti anatigonjetsa 2-1 ku Blantyre ndi 3-0 kuno ku Harare. Ndikuti "anatigonjetsa" chifukwa mtima wanga tsiku limenelo unali ku Flames. Ku Gabon anafanana mphamvu 2-2 ndi Algeria ya Mahrez, n'kugonja kwa Senegal ndi Tunisia, basi anthu kuno anati achoke. Patapita nthawi ambiri anayamba kumusowa.

Chomwe ndikudziwa pa iye: amayamba kumanga kumbuyo, safuna kuchinyitsa, ndipo amadziwa kugwira ntchito pomwe zinthu zili zoperewera. Koma tinenenso zoona, ku Warriors anali ndi Knowledge Musona ndi Khama Billiat, anthu oti pawokha ankatha kupha masewero. Ku Malawi ali ndi Gabadinho yemwe zaka zikupita.

Banker wa ku Area 47:
Amalume a ku Harare atipatsa mfundo yomwe ine ndimaitenga mbali ina. Pasuwa ndi katswiri wa ligi, palibe angatsutse. Ndi Bullets anatenga TNM Super League kasanu motsatizana, ndipo mu 2023 anasesa zikho zonse zinayi. Koma ligi ndi mpikisano wa masewero 30, umakhala ndi anyamata tsiku ndi tsiku, ukalakwitsa sabata ino ukonza sabata yamawa. Timu ya dziko umaipeza masiku ochepa, masewero awiri, basi abalalika. Ndipo ku CAF Bullets yake sinafike m'ndime ya magulu. Simba inaitulutsa mu 2022, TP Mazembe mu 2023. Ndiye mpira wa kunja kwa malire wakhala ukumuvuta ngakhale asanafike ku Flames. Ine ndikanakonda akanapatsidwa mwayi Peter Mponda. Anatenga ligi ya 2024 ndi Silver, anali kaputeni wa Flames ku Angola, osewera amamumvera.

Maule wa Ndirande:
Mponda anaphunzira ntchito pansi pa ndani? Anali wachiwiri kwa Pasuwa ku Bullets. Tsiku lake lidzafika, ndipo ine ndidzakhala woyamba kumuchemerera. Koma mukamuika lero n'kugonja masewero atatu, anthu omwewa adzati achoke, tidzakhala taononga mphunzitsi wachinyamata wabwino monga tinachitira ndi Mtawali ndi Mabedi. Onsewa ankachita bwino ndi timu za achisodzera, tinawakwezera pamwamba, chaka chimodzi n'kuwataya. Pa za Simba ndi Mazembe, yerekezani ndalama zomwe matimu amenewo amagulira osewera ndi zomwe Bullets ili nazo.

Wa ku Joni:
Ine nkhani ya kochi imandipweteka kuchokera pa zomwe zinachitikira Meke Mwase. Munthu anatipititsa ku AFCON, tinagonjetsa Uganda 1-0 pa Kamuzu mu March 2021, chigoli cha Richard Mbulu. Chaka chomwecho masewero athu apakhomo a World Cup tinkasewerera kuno ku Orlando Stadium chifukwa mabwalo akwathu sanavomerezedwe, ine ndinkapita kukaonera, tinalipo ochepa. Atagonja m'masewero ambiri mwa amenewo, kutatsala milungu yochepa kuti tipite ku Cameroon, anamuikira Marinica pamwamba. Marinica atapezeka ndi Covid, amene anakhala pa benchi ndi Mwase yemweyo, ndipo ndi iye anagonjetsa Zimbabwe 2-1, zigoli ziwiri za Gaba. Tinafanana mphamvu ndi Senegal, tinalowa m'ndime ya matimu 16 koyamba m'mbiri yathu, tinatsogola pa Morocco ndi chigoli chakutali chija tisanagonje 2-1. Pobwera kumeneko Mwase anachotsedwa. Anapita ku khothi la za ntchito ndipo anapambana mlandu. Ndalama zomwe bungwe limalipira mphunzitsi wochotsedwa kontrakiti isanathe n'zomwe zikanalipirira m'bindikiro kapena masewero opimana mphamvu. Marinica naye Egypt inamuthira 2-0 ndi 4-0 mu March 2023, kontrakiti yake sinaonjezeredwe. Ndiye amene mukuti Pasuwa achoke lero, muwerengerenso mtengo wake wa kuchotsako.

Nyerere ya Lali Lubani:
Ndiye tizisunga munthu chifukwa choopa kumulipira? Nanga mtengo wolephera kupita ku AFCON ina ndi wotani?

Wa ku Joni:
Ayi achimwene. Ndikuti kontrakiti izilembedwa moti zolinga zili poyera: ukalephera chakuti pofika nthawi yakuti, tisiyana mwamtendere. Zikatero palibe khothi, palibenso kukangana kwathu kuno. Ochemerera tiyenera kuuzidwa momveka kuti Pasuwa anapatsidwa ntchito yanji. Ngati inali yopita ku World Cup, m'gulu lomwe Tunisia inamaliza osachinyitsa ngakhale chigoli chimodzi, ndiye kuti anamupatsa zosatheka. Ngati ndi AFCON 2027 ya ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, mayeso akewo sanalembe.

Aphunzitsi a ku Mzimba:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndimaphunzitsa ku pulayimale ndipo masana ndimasewera ndi ana pabwalo la sukulu. Ndikufuna ndiike mfundo ziwiri zomwe sizikukhudza dzina la kochi.

Yoyamba ndi kalendala. Ligi yathu imatha mu December n'kudzayamba cha mu April chifukwa cha mvula. Masewero a FIFA a mu March amapeza osewera a m'dziko muno atakhala miyezi itatu osasewera mpira wa mpikisano. Onani masiku omwe tinagonja kwa Egypt mu 2023: March. Namibia ndi Tunisia mu 2025: March. Pomwe tinagonjetsa Namibia kwawo ndi kubweza pa Liberia munali mu September, ligi ili pakatikati, miyendo ili yotentha. Anzathu omwe tikupikisana nawo osewera awo ambiri ali m'maligi omwe mu March amakhala ali mkati. Kochi aliyense, kaya wochokera ku Romania kaya ku Karonga, adzagwa m'dzenje limeneli pokhapokha FAM ndi SULOM, bungwe loyendetsa ligi, atakhala pansi n'kupeza njira, mwina chikho choyambirira mu February kapena m'bindikiro wautali wokhala ndi masewero enieni.

Yachiwiri ndi ana. Mwana wa kuno amayamba kukankha mpira wa mapepala ali ndi zaka zisanu, luso ali nalo, koma woyamba kumuphunzitsa kuimitsa mpira ndi phazi lamanzere kapena kuyang'ana kumbuyo asanalandire pasi amakumana naye ali ndi zaka 17 kapena 18. Pamenepo n'kuti mochedwa. Masewero a m'sukulu omwe kale ankatulutsa osewera anazilala, mabwalo ambiri anamangidwapo nyumba ndi misika. Ndiye Mayi Nachisale akafunsa kuti wapakati wotsegula chitetezo ali kuti, yankho lake lili kuno kwa ife, osati ku likulu la FAM ku Mpira Village kokha.

Zimenezi sizikufufuta manyazi a São Tomé. Masewero amene aja anali mu October, ligi ili mkati, ndipo tinayenera kupambana.

Nachisale wa ku Area 25:
Aphunzitsi, zikomo, makamaka pomaliza paja. Tisamubise kochi kuseri kwa mavuto a dziko. Pa São Tomé ayenera kuyankha: anakonzekera bwanji, n'chifukwa chiyani timu inaoneka yozizira. N'zoona kuti masiku ochepa m'mbuyo mwake Equatorial Guinea sinabwere ku Lilongwe, masewero analephereka, anyamata anakwera ndege ulendo wautali mitima ili m'malere. Koma ntchito ya mphunzitsi ndi yomweyo, kudzutsa anthu pomwe maganizo abalalika.

Ndipo poti tikukamba za kusunga mphunzitsi, taonani Scorchers, timu ya dziko ya amayi. Lovemore Fazili anatenga COSAFA mu 2023 pogonjetsa Zambia 2-1, ndipo mu October 2025 atsikana anagonjetsa Angola n'kudzigulira malo ku WAFCON, AFCON ya amayi, koyamba. Gulu lija lakulira limodzi.

Banker wa ku Area 47:
Scorchers ili ndi Tabitha ndi Temwa Chawinga, mayi. Wina ali ku Lyon, wina anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya ku America. Flames ikanakhala ndi awiri otero sitikanatsegula mutu uno.

Nachisale wa ku Area 25:
Ndiye mwavomereza nokha kuti nkhani yaikulu ndi osewera, osati wokhala pa benchi.

Banker wa ku Area 47:
Ndavomereza theka. Osewera akakhala ochepa mphamvu, m'pamene kochi amafunika kwambiri. Comoros ndi Cape Verde ndi timayiko tating'ono, koma anasakasaka ana awo obadwira ku Ulaya n'kumanga matimu. Cape Verde inadzigulira malo ku World Cup ya 2026. Ife ana a Amalawi ali ku England, ku South Africa, ku Zimbabwe. Kusaka kumeneku kuyenera kukhala ntchito ya tsiku ndi tsiku ya kochi ndi akuluakulu a zaluso ku FAM.

Gogo wa ku Zomba:
Cape Verde yomwe mwaitchulayo mphunzitsi wake Bubista anatenga timu mu 2020. Analephera kupita ku AFCON 2025, sanamuchotse, chaka chotsatira wawapititsa ku World Cup. Senegal inasunga Aliou Cissé kuyambira 2015, anagonja mu fainolo ya 2019, chikho anadzachitenga mu 2022. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyerere ya Lali Lubani:
Agogo, Bubista asanalephere anali atafikitsa kale timu yake mu makotafainolo a AFCON ku Côte d'Ivoire. Anali ndi chowaonetsa anthu. Komabe ndamva zomwe anena achimwene a ku Joni, ndipo pamenepo ndikhoza kugwirizana nawo. Ngati akhale, akhale ndi malire odziwika. A Fleetwood Haiya analowa pa mpando mu December 2023 ndi lonjezo losintha mpira, ndiye atuluke poyera atiuze: masewero anayi oyamba a AFCON 2027 tikufuna mapointi angati, ndipo akapanda kukwana chichitike n'chiyani. Tisadzadikire kugonja kanayi ngati nthawi ya Mabedi kenako n'kusintha zinthu zitatha kale.

Maule wa Ndirande:
Zimenezo ndiye zomveka. Koma malirewo akhale mbali zonse. FAM nayo ilonjeze kuti tsiku lililonse la FIFA timu izisewera, osati kungokhala. Malipiro a anyamata azifika pa nthawi yake. Osewera akunja matikiti awo azitumizidwa msanga, asamafike kutatsala tsiku limodzi. Simungamuyeze munthu ndi mapointi musanamupatse zipangizo.

Mtsikana wa ku Chinsapo:
Pepani ndalowerera nkhani ya akuluakulu. Ine ndili ndi zaka 19, Kinnah ndimangomumva. Flames yomwe ndikuidziwa ine ndi ya ku Cameroon, ndipo usiku wa chigoli cha Gaba pa Morocco dera lathu lonse linatuluka panja kukuwa. Chomwe ndikupempha kwa Pasuwa ngati akhale n'chakuti ayambe kukhulupirira achinyamata. Gaba ndi Mbulu atitumikira, koma pofika 2027 adzakhala atapitirira zaka 33. Ndikufuna ndione mnyamata wa zaka 20 akupatsidwa masewero asanu otsatizana, osati mphindi khumi kenako osaitanidwanso. Ngati kochi akuopa kuchotsedwa akagonja kamodzi, sangayerekeze kuika mwana, adzangodalira akale omwewo.

Aphunzitsi a ku Mzimba:
Mwana wanga, palibe chopepesa, wanena chinthu chomwe tonse tinachilumpha. Mphunzitsi amene mpando wake ukugwedezeka amasankha timu ya Loweruka lokha. Ndiye pa zolinga zomwe a Nyerere akufuna zilembedwe, muonjezerepo chimenechi: osewera angati osapitirira zaka 23 omwe akhazikike mu timu pofika kumapeto kwa kontrakiti. Azilumikizananso ndi aphunzitsi a Under-20 ndi Under-17 kuti kaseweredwe kakhale kamodzi.

Banker wa ku Area 47:
Ine maganizo anga sanasinthe, ndikuonabe kuti pakufunika wina. Koma ngati akhale, ndikufuna ndimuone m'mabwalo onse, ku Karonga, ku Rumphi, ku Chitowe, ku Dedza, ku Mulanje, osati ku Kamuzu ndi ku Bingu kokha. Ku Chitipa United ndi ku Karonga United kumatuluka anyamata olimba omwe amaitanidwa pokhapokha akagulidwa ndi matimu atatu akuluakulu.

Wa ku Mbare, Harare:
Pamenepo ndikugwirizana nanu, achimwene. Ndipo za ana obadwira kunja zija, kuno ku Zimbabwe aliko ambiri a makolo a ku Malawi m'matauni a migodi ndi m'mafamu, ena akusewera mu ligi yaikulu. Pasuwa dziko lino amalidziwa bwino kuposa mphunzitsi wina aliyense amene FAM ingapeze. Chovuta chimakhala mapepala, chifukwa ambiri agogo awo anabwera kalekale opanda zikalata. Malamulo a Malawi tsopano amalola unzika wa mayiko awiri, ndiye pakufunika munthu ku FAM woti azithandiza anyamata oterewa kulondola mudzi ndi mfumu ya makolo awo mpaka pasipoti ituluke.

Wa ku Chilomoni (woyang'anira gulu):
Amalume, ngati mukudziwa anyamata otero omwe ali ndi mtima wosewerera Flames, musaike maina awo pagulu pano asanavomere okha, nditumizireni kumbali. Mfundo za a Nyerere, a Maule, aphunzitsi ndi mlongo wathu wa ku Chinsapo ndizilemba m'kalata imodzi yopita ku FAM m'dzina la gulu lino. Ndiika pano Lachisanu madzulo kuti muione isanatumizidwe, ndipo a Banker, maganizo anu otsutsa alowamo monga mwawanenera.